Thumba la Mpunga Pakhomo pa Sheila

1

Dzina langa ndine Fyness. Ndine wapolisi, koma simudzandipeza pamsewu ndikuimitsa magalimoto. Ntchito yanga ndi yoimira boma pa milandu kukhoti, ija anthu amangoti uprosekyuta. Mu Zomba muno akuba njinga ndi ozembetsa matabwa a m'phiri amandidziwa bwino. Ena amati ndikayamba kuponya mafunso, munthu amavomera ndi mbuzi yomwe anaba ali mwana.

Kunyumba ndinali mayi a Luso basi. Amuna anga a Gilson ankagula nandolo ndi mpunga kwa alimi ku Songani n'kumakagulitsa ku Limbe. Tinkakhala ku Chinamwali ndi ana athu awiri aakazi, Luso ndi Clara. A Gilson anali munthu wofatsa, woimba besi mu kwaya ya abambo. Chikwatiranireni sanandikwezerepo dzanja, ngakhale mawu.

Kenako ku ofesi kwathu kunabwera Sheila. Anali mtsikana wongomaliza kumene maphunziro, wamtali, wa kampata m'mano. Tsiku lake loyamba kukhoti ananjenjemera mpaka mapepala anamwazika pansi. Ndine ndinamutolera. Ndine ndinamuphunzitsa kaimidwe pamaso pa majisitireti ndi kafunsidwe ka mboni yamantha. Ankanditchula achemwali. Lamulungu ankabwera kwathu kudzaluka atsikana tsitsi, ndipo amuna anga ankawatchula alamu.

Patapita zaka zingapo mwana uja anakula. Milandu yovuta inayamba kupita kwa iye. Bungwe lathu la oimira boma pa milandu m'chigawo chino litalengeza za maphunziro okachitikira pa phiri la Zomba, komanso kuti kumeneko tikasankha mlembi watsopano, ndinamva anzanga akunong'ona dzina lake. Mpando umenewo ndinkaufuna ine. Ndinamwetulira n'kumuuza kuti zimenezo n'zabwino.

2

Tsiku lina a Gilson sanagone pakhomo. Foni yawo inali yozima. Anatulukira mawa lake dzuwa litakwera, maso ali gwa, malaya atachita makwinya.

"Galimoto inandifera ku Liwonde, mayi a Luso. Ndagona pampando."

"Nanga foni?"

"Moto unatha."

Sanakhale pansi. Anathamangira kubafa, ndipo zovala zawo ananyika okha m'beseni, chinthu chimene sanachitepo. Ndinaima pakhomo pa khitchini ndikuyang'ana thovu lija. Mwamuna amachapa chiyani chimene safuna kuti mkazi wake anunkhize?

Sabata yomweyo Sheila anasintha. Anasiya kubwera kwathu. Ku ofesi ndikalowa ine, iye ankapeza chifukwa chotulukira. Tsiku lina ndinamupeza akulankhula ndi bwana wathu motsitsa mawu, ndipo atandiona onse awiri anakhala chete.

"Sheila, ndakulakwira chiyani?" ndinamufunsa pakhonde.

"Palibe, achemwali. Ntchito yangochuluka."

Ananena zimenezi akuyang'ana nsapato zake. Ine ndakhala ndikuona anthu akunama kwa zaka zambiri, ndipo ndimadziwa kumene maso awo amathawira.

M'mawa wina ndikupita kukataya phulusa, ndinamva mawu a amuna anga kuseri kwa nyumba. Ankalankhula pa foni, mawu ofewa ngati a munthu wopempha madzi.

"Sheila, chonde, tangondimverani. Ndikufuna ndikuoneni kamodzi kokha. Fyness asadziwe, ndapota nanu."

Sanamutchule mlamu monga ankachitira kale. Phulusa lija linandithira kumapazi osazindikira.

3

Mkazi wina akanalowa pomwepo n'kulanda foniyo. Ine ayi. Ndinadziuza kuti mlandu sapita nawo kukhoti umboni usanakwane.

Loweruka m'mawa a Gilson anakweza thumba la mpunga m'galimoto, wabwino uja amasungira makasitomala akuluakulu. Anati akupita ku Songani. Atangokhota, ndinadziphimba mpango n'kukwera kabaza wa njinga yamoto.

"Tsatirani galimoto yoyera iyo, koma musayandikire."

Galimoto sinalowere ku Songani. Inatsikira m'tauni n'kukhotera ku Zakazaka, kumene Sheila ankachita lendi. Ndinatsika chapatali n'kuima kuseri kwa kanyumba kogulitsira makala.

Ndinaona amuna anga, munthu wodandaula msana tsiku ndi tsiku, akusenza okha thumba lija mpaka pakhonde. Sheila anatuluka atamanga chitenje pachifuwa, kumutu kuli thaulo. Atawaona anayang'ana uku ndi uku ngati mbava. Mawu sindinkawamva, koma manja ake ankalankhula mwaukali. Kenako a Gilson anagwada. Anagwada pa simenti, m'mawa anthu akuona, n'kumugwira dzanja.

Ine pondifunsira sanagwade.

Sindinathe kupirira. Ndinatembenuka n'kuyenda wapansi mpaka ku Chinamwali, misozi ikuuma yokha kumaso. Njira yonse ndinkawerengera zomwe ndinamuchitira mtsikana ameneyu. Wadya pa mbale zanga. Jekete imene anavala tsiku loyamba kukhoti inali yanga. Wanditengera milandu, akufuna mpando wanga, tsopano walowa ndi kuchipinda komwe.

Madzulo ndinawaikira chakudya amuna anga ngati palibe chachitika.

"Mpunga uja mwagulitsa, bambo a Luso?"

"Eya, kasitomala wakale."

"Wakondwa nawo?"

Anatsamwa, n'kupempha madzi.

4

Maphunziro anachitikira pa loji ina pamwamba pa phiri. Inali nyengo yozizira. Nkhungu inkalowa mpaka pakhonde, mitengo ya paini ikudontha madzi ngati kwagwa mvula. Panasonkhana maprosekyuta ochokera ku Machinga, Balaka, Mangochi ndi kwathu kuno, pamodzi ndi akuluakulu a bungwe. Bwana wathu analiponso.

Wotiphunzitsa anali a Lucius, loya wopuma pa ntchito, wa imvi mutu wonse, wokonda nthabwala. Ankatiphunzitsa kapanikizidwe ka mboni ya mbali inayo. Sheila akayankha funso, iwo ankaomba m'manja.

"Mwana uyu adzafika patali. Anakuphunzitsa ndani?"

"Achemwali anga awo, a Fyness," anatero akundiloza, koma osandiyang'ana.

Anthu anandiombera m'manja. Ine ndinamva ngati akundiseka.

Pa nthawi ya tiyi foni yake inalira patebulo. Ndinali pafupi, ndipo ndinaona dzina likuwala: Alamu. Anaitembenuza msangamsanga n'kuibisa pansi pa buku. Inaliranso. Anaizimitsa. Tiyi ndinamusiya osamwa.

Tsiku lomaliza, chisankho chisanachitike, a Lucius anakonza khoti loyeserera. Anasanja matebulo, iwo n'kukhala majisitireti. Mlandu unali wongopeka: mwamuna wina waba njinga yamoto Loweruka m'mawa, koma chibwenzi chake chikuikira umboni kuti nthawi imeneyo anali kwa iye.

"Sheila, iwe ukhale chibwenzicho. Ndani akufuna kumupanikiza?"

Dzanja langa linakwera lokha.

"Ehe, mphunzitsi ndi wophunzira wake!" anatero a Lucius akuseka. "Koma kumbukirani zija ndanena, mayi. Mboni ya mbali inayo musaifunse funso limene yankho lake simukulidziwa."

"Mayankho onse ndikuwadziwa, bwana," ndinatero.

5

Ndinayamba bwinobwino, motsatira pepala. Dzina, kumene amakhala, ntchito. Sheila ankayankha mwanthabwala, akudzipotokola ngati mtsikana wa m'tauni, anthu n'kumaseka. Kenako pepala lija ndinaliika pansi.

"Mwati Loweruka m'mawa kwanu kunabwera mwamuna?"

"Eya, bwana."

"Mwamunayo ndi wokwatira?"

Anayang'ana pepala lake. "Apa sanalembe."

"Sindikufunsa pepala. Ndikufunsa inu. Kwanu ndi ku Zakazaka, si choncho? Nyumba ya chitseko chobiriwira?"

Kuseka kunayamba kuzilala.

"Mwamunayo anabwera pa galimoto yoyera. Anasenza thumba la mpunga. Mukukana?"

"Achemwali..."

"Muno mulibe achemwali! Anagwada pakhonde panu n'kukugwirani dzanja, inu muli ndi chitenje chokha. Zoona kapena zonama?"

"Mayi Fyness," anatero a Lucius, "zimenezi zili pa tsamba liti?"

Sindinawamve. Thupi lonse linkatentha ngakhale kunali chisanu.

"Uzani khoti lino dzina la mwamunayo! Tulutsani foni yanu anthu aone amene wakhala akukuimbirani sabata yonse ino. Mwadya kwanga, mwavala zanga, lero mukudya mpunga wa amuna anga. Mukufuna mpando wa mlembi ndi manja omwewo?"

M'chipindamo wina anagwetsa supuni. Sheila anaimirira, koma sanayang'ane ine. Anayang'ana bwana wathu, amene anali atagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Bwana," anatero Sheila, "ndasunga pakamwa monga munandiuzira. Tsopano ndiuzeni chochita."

Mmodzi mwa akuluakulu a bungwe anatembenukira kwa bwanayo. "Kodi mwamuna akunenedwayu si uja wa doketi munatiuza ija? Ndiye kuti prosekyuta wanu walandira mpunga kwa woimbidwa mlandu?"

Woimbidwa mlandu. Mawu amenewo ndimawatchula tsiku lililonse, koma tsiku limenelo sindinawamvetse.

6

Anatitulutsa panja atatu, ine, Sheila ndi bwana. Tinaima pansi pa mitengo ya paini. Bwana anagwedeza mutu kumuloleza Sheila kuti alankhule.

"Tsiku limene alamu sanagone pakhomo sanali ku Liwonde," anatero. "Anagona m'chitokosi. Anatuluka pa belo m'mawa mwake."

Ndinakumbukira beseni la thovu lija. Fungo la m'chitokosi ndimalidziwa kuposa fungo la sopo wanga. Ndi limene ankachapa.

"Analakwa chiyani?"

"Anamenya mkazi, achemwali. Anamuthyola mkono."

Ndinaseka. "A Gilson? Mkazi wake uti?"

"Dzina lake ndi Juliana. Amakhala ku Songani, m'nyumba imene alamu anamumangira. Ali ndi mwana wamwamuna, wayamba kale kuyenda."

Ndinakhala pansi pa udzu wonyowa.

Bwana ndiye anamaliza nkhaniyo. Doketi, fayilo ya mlandu wa a Gilson, itafika ku ofesi kwathu, anaona kuti palibe mmodzi wa ife angaimire mlanduwo, poti tonse timadziwana ndi a Gilson. Anapempha prosekyuta wa boma lina, ndipo podikira anapatsa Sheila kuti aisunge, n'kumuletsa kundiuza kanthu. Ankaopa kuti mlandu ukadzavuta, anthu adzati ine ndinalowererapo. Ankateteza dzina langa. A Gilson atamva kuti doketi ili kwa Sheila, anayamba kumuvutitsa kuti aisowetse.

"Nanga mpunga?" ndinafunsa ndi mawu amene sanali anga.

"Ndinaitana kabaza nthawi yomweyo n'kuutengera ku ofesi," anatero Sheila. "Uli m'chipinda chosungira katundu wa umboni. Mukanadikira pang'ono pa makala paja mukanaona."

"Unandiona?"

"Mpango umenewo ndinakugulirani ndine."

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndinkalephera kukuyang'anani chifukwa ndinkakumverani chisoni. Tsiku lililonse ndinkafuna kukuuzani. Inu mumaganiza kuti ndingagone ndi bambo a Luso? Ine?"

Anabwerera m'chipinda muja. Pa chisankho dzina langa silinatchulidwe n'komwe. Sheila anamutchula, koma anakana yekha. Anati sangakhale mlembi wa anthu amene amva zoterezi za iye, ngakhale zitatsukidwa.

7

Ndinawapeza a Gilson akutsuka galimoto. Ana anali kusukulu.

"Juliana ali bwanji?" ndinafunsa.

Nsanza inagwa m'manja mwawo. Sanakane. Anakhala pa tayala n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kwa mamina.

"Satana, mayi a Luso. Ndinkafuna mwana wamwamuna, abale anga ankandinena. Ndimati ndikuuzani."

"Mkono wake unathyoledwanso ndi abale anu?"

"Anandiopseza kuti abwera kuno adzadzionetse kwa inu. Ndinangomukankha."

"Lipoti la kuchipatala silinena za kukankha."

Anakwawa n'kundigwira mwendo. Kunali kugwada kuja ndinakuchitira nsanje ku Zakazaka, ndipo nditakuona pafupi kunandinyansa.

"Inu mumadziwana nawo onse. Lankhulani ndi prosekyuta amene akubwerayo. Mukufuna ana athu azidzati bambo awo ali kundende?"

Ndikuuzeni zoona, chimene chinkandiwawa nthawi imeneyo sichinali mkono wa mayi uja. Ndinkafuna kudziwa ngati ndi wokongola. Ndinkafuna kudziwa ngati ankamuimbira nyimbo zimene ankandiimbira ine, ngati nyumba ya ku Songaniyo ili ndi malata atsopano pamene yathu ikudontha pakona. Ndinawafunsa zonsezo, chimodzichimodzi, ndipo yankho lililonse linkandibaya. Sindinasiye mpaka ana atabwera.

Ankhoswe anakhala pansi kangapo. A kwawo ankati nkhani ya m'banja isapite kubwalo, ndipo ine monga mkazi wamkulu ndiyenera kuphimba. Achimwene anga anangofunsa kuti, "Mkazi wamkulu? Mlongo wathuyu anauzidwa liti kuti pali wamng'ono?"

Ku ntchito anandidzudzula pamaso pa akuluakulu, n'kundichotsa kukhoti kwa kanthawi. Koma panatsala nkhani ina. Mawu anga a pa phiri anali atafalikira, ndipo m'maboma ena ankati Sheila amalandira ziphuphu. Prosekyuta amene anabwera anawonjezera mlandu wachiwiri pa a Gilson, wofuna kusokoneza chilungamo. Munthu amene anaona thumba lija likutsika m'galimoto, Sheila akulikana ndi manja, ndinali ine.

"Lamulo silikukukakamizani kuikira umboni wotsutsa amuna anu," anandiuza. "Mukhoza kukana."

Ndinaganiza za Luso ndi Clara. Ndinaganizanso za mtsikana amene ndinamuvula pagulu popanda chifukwa. Ndinati andilembe.

8

Tsiku la mlandu ndinakhala panja pa khoti, pa benchi ya mboni. Benchi imeneyo ndaidutsa zaka zonsezi osadziwa kuti ndi yolimba chotere. Kumapeto kwake kunakhala mayi wina wochepa thupi, mkono uli m'chikhakha, mwana ali pamiyendo. Sindinafunse kuti ndi ndani. Mwanayo anali ndi mphumi ya Clara.

Ndinamuyang'anitsitsa mayiyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinkafuna ndimupeze chilema, kapena kukongola koti ndimvetse. Anali munthu wamba, wa zidendene zong'ambika, wamantha.

Iye ndiye anayamba kulankhula. "Ndinu mayi a Luso?"

"Ndine."

"Anandiuza kuti ukwati unatha, mumangokhalira ana. Nditadziwa kuti n'zabodza ndinati ndibwere ndidzakuoneni. Ndi pamene anandimenya." Anakonza mwana ndi dzanja limodzi. "Ine ndinkakuchitirani nsanje, mayi. Akakwiya ankati, 'Fyness sangayankhe zopusa ngati zimenezi. Fyness ndi wophunzira.' Tsiku lina ndinabwera kukhoti kuno kudzangokuonani mukufunsa anthu mafunso. Ndinabwerera ndikulira. Ndinati ine sindingafike pamenepo."

Mwana uja anatsetsereka, ndipo mayi ake analephera kumukweza ndi mkono umodzi. Ndinamunyamula n'kumubwezera pamiyendo pawo. Anali wolemera, wofunda, ndipo mtima wanga unamukana ndi kumufuna nthawi imodzi.

A Gilson akulowa anationa tili pa benchi imodzi. Anaima, n'kunong'oneza loya wawo. Sitinaitanidwe n'komwe. Anavomera milandu yonse iwiri, ndipo pano akugwira ukaidi.

Ukwati unatha. Ndinasamuka ku Chinamwali ndi ana anga. Ku ntchito ndinabwerera, ndipo pa msonkhano wotsatira wa bungwe ndinaimirira n'kupepesa Sheila pamaso pa anthu omwe aja. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Ndamva, Madamu." Patapita miyezi yochepa anapempha kusamutsidwa. Ali ku Mzuzu. Clara amafunsabe kuti anti Sheila adzabwera liti kudzamuluka.

Inu amene mukuwerenga, musaganize kuti ndikuuzani kuti nsanje inandinamiza. Sinandinamize. Mkazi wina analipodi, ndipo mtima wanga unadziwa bwino kuti m'nyumba mwalowa mphepo. Chimene nsanje inachita n'kundisankhira munthu woti ndimude, ndipo inasankha amene ndinkamuchitira kale kaduka pa zifukwa zina. Ngati pali wina amene mukumukayikira lero, dzifunseni ngati simunayambe kumuda nkhaniyo isanabwere. Mukatero mufunseni muli awiri, chitseko chili chotseka.

Amuna anga sindiwasowa kwenikweni. Lamulungu masana, atsikana akakhala pakhonde tsitsi lili nyankhalala, amene ndimamusowa ndi Sheila. Nambala yake ndikadali nayo. Ndaimbapo kawiri konse, ndipo imalira mpaka kuduka.